Galasi la mayi a Tamanda

Usiku wathawu ndinalota galasi la malemu mkazi wanga, mayi a Tamanda. Anzanga a m'gulu la aphunzitsi opuma, nkhani ya galasili mukuidziwa. Ndinayamba kudandaula kwa ankhoswe sabata yomwe tinameta maliro, pamene mlamu wanga, a Kachingwe, analinyamula likadali lophimbidwa ndi chitenje chimene amayi a mpingo analikutira nacho tsiku la zovuta. Makalata onse amene ndinalemba ndinasunga, ndi lisiti logulira galasilo lomwe. Yankho palibe mpaka lero. Ndinali nditatsimikiza kuti Loweruka likubwerali ndikalitenga ndekha, afune asafune.

Ndiye m'malotomo ndinali nditafika kale kwa a Kachingwe, koma nyumba yawo inali kalasi imene ndinkaphunzitsamo, galasi lili pamalo pa bolodi. Iwo anaima patsogolo pake ndi nkhwangwa. Ndinawaonetsa lisiti, analilanda n'kulitafuna. Kenako tinagwirana. Ndinawaluma khutu, iwo anandimenyetsa mutu pa desiki mpaka mano anga awiri anagwa pansi n'kuyamba kuthawa ngati mphemvu. Sindinadabwe nazo.

Kenako ndinakoka chitenje chija. M'galasimo munali mayi a Tamanda, atandifulatira, akumanga duku monga ankachitira Lamulungu tikamachedwa ku tchalitchi. Ndinawaitana, osatembenuka. Ndiye nkhwangwa inatera pagalasipo. Linang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi, magazi otentha n'kumatuluka m'ming'alumo, kudzaza kalasi mpaka m'maondo. Inateranso, n'kuteranso. Ndinakuwa, "Alamu, mukupha mlongo wanu!"

Apo m'pamene mayi a Tamanda anatembenuka. Sanayang'ane mlongo wawo, anayang'ana ine. "Bambo a Tamanda, taonani m'manja mwanumo."

Ndinasuzumira m'chidutswa chimene chinatsala pakhoma. A Kachingwe anali atakhala pa desiki ya kumbuyo, atakumbatira chitenje, akulira ngati mwana wosochera pamsika. Nkhwangwa inali m'manja mwanga, magalasi atandibaya mikono yonse, ndipo dzanja linali kukwera lokha kuti litemenso. Ndinaligwira ndi linzake, osatheka.

Ndinadzidzimuka nditamenya khoma, chala chachikulu chitatupa.

M'mawa uno ndinaimbira foni mwana wanga Tamanda ku Zomba. Iye amakonda mabuku a nthano za masiku ano, ndiye akuti m'mabukumo munthu akaswa galasi ndiye kuti akulimbana ndi mtima wake womwe. Ndinamuuza kuti ine si munthu wa m'buku, ndipo galasilo ndinagula ndine.

Anati, "Adadi, amalume nawonso anaferedwatu. Nditapitako ndinalipeza kuchipinda, chitenje chili pomwepo. Salikhudza, amangosesa m'mbali mwake."

Ndinadula foni, koma mawuwo sanandichoke.

Choncho ndikupempha mwaulemu, makamaka inu a Mbewe ndi a Chisale amene mkazi wanga munkamudziwa, kuti mundiyankhe molemba lisanadutse Lachisanu. Malotowa akutanthauza chiyani, ndipo Loweruka ndipite kapena ndisapite? Amene anene kuti ndisapite, anenenso amene adzachotse chitenjecho. Mayi a Tamanda sankalola kuti galasi lawo ligone lophimba, ngakhale usiku wa mphezi ankadzuka mvula ikangokata n'kulivundukula.