Chikuta cha Alekeni

Mukafika ku Pembamoyo n'kufunsa a Monika, adzakulozerani nyumba ya kuseri kwa sukulu, n'kuwonjezera kuti mayi wa mbira uja. Ndi mayi wamkulu ndithu, wolima mtedza wake yekha, wosaopa munthu. Anakwatiwapo kawiri, ndipo amuna onse awiri ananyamula mabulangete awo n'kupita, ati pakhomo palibe mwana. Wachitatu atabwera kudzafunsira, a Monika anamupatsa madzi akumwa n'kumulozera njira.

Koma chimene chinkawapweteka si amunawo ayi, chinali chikuta. Mayi akachira, amabindikira m'nyumba ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa, ndipo pamudzi pawo olowamo anali amayi obereka okha. A Monika anatungira madzi azibale awo onse, nkhuni anatola, matewera anachapa, koma nthawi zonse ankathera pakhomo. Ankaseka nawo, mumtima mukuwawa.

Anthu kumeneko amaweta mbira kuti azidya. A Monika anali nayo imodzi yokha, yaikazi, yamawangamawanga, ndipo inkagona m'dengu kuchipinda kwawo. Anaitcha Alekeni, kuti onena azinena. Ikamva phazi lawo inkalira mokondwa, n'kudya kholowa m'manja mwawo. A Melody, mkazi wa achimwene awo a Dyson, ankakonda kunena pachitsime kuti chiweto chimatengera mwini wake, taonani mbira yosaswayo. Chikhalirecho ankadziwa bwino lomwe kuti pakhomopo panalibe yaimuna!

Ndiyeno nyengo yokumba mtedza Alekeni inasintha. Inayamba kubisala kuseri kwa thumba la gaga. Madzi inkamwa kwambiri, kholowa wosakwanira, mimba n'kutambasuka uku ndi uku. Tsiku lina a Monika akuinyamula inawaluma chala mpaka magazi. Iwo anayamwa chalacho n'kukumbukira kuti atapita ku msonkhano wa amayi a Chigwirizano ku boma, anaisungitsa kwa mnzawo wa ku Mlolo amene ali ndi khola lodzaza mbira. Anaisisita pang'onopang'ono m'mbali mwa mimba, ndipo anamva ngati kanthu kagunda.

A Dyson, amene ndi mwini mbumba, anaiona mosiyana. Anati mbirayo yatupa ndi matenda, mwina yameza pepala la pulasitiki, ndipo chiweto chodwala chimaphedwa chisanafe chokha, nyama ingawonongeke. Loweruka kunkabwera anthu odzathandiza kuthothola mtedza, ndiye ndiwo ndi imeneyo. A Monika anayankha kuti mbira yawo ili ndi bere, ndipo wofuna nyama akasake mbewa. Apa a Melody anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, inuyo za mimba munazidziwira kuti?"

A Monika mawuwo anawalowa mumtima. Ndipo tinene zoona, anachita mantha. Ali mtsikana anadzimvapo kanthu kakugunda m'mimba mwawo, anauza anthu, anasoka ndi timalaya tomwe, mapeto ake kunalibe kanthu. Bwanji ngati zala zawo zawanamizanso? Komabe mantha ndi mantha, mbira sanapereke. Kuyambira tsiku limenelo Alekeni inkapita nawo kulikonse. Kumunda, dengu pamutu. Kuchitsime, dengu pamutu, ndowa m'manja. Lachinayi kumapemphero a amayi analiika pansi pa benchi, mbira n'kumalira pakati pa nyimbo, iwo nkhope gwa ngati sakumva. Anthu anati a Monika mutu wazungulira. Iwo amvekere mutuwo ndi wawo.

Loweruka linafika. Dzuwa litangotuluka, a Dyson anatulukira ndi mpeni, a Melody pambuyo ndi mbale, othandiza aja atakhala kale pamulu wa mtedza akumvetsera. A Dyson anaitana mwaulemu ndithu, ati chemwali, tisakangane pamaso pa anthu chifukwa cha kanyama.

A Monika anali atagwada kuchipinda. Atavundukula dengu anapeza Alekeni yaphwa mimba, ikunyambita tiana tiwiri tonyowa, taubweya kale, maso ali otsegula. Kena kanali kayamba kale kudzandira kufuna bere. A Monika analira pang'ono, osabisa, kenaka anapukuta nkhope ndi chitenje n'kuchimanganso molimba.

Anatuluka n'kuima pakhomo, dzanja lina uku, lina uku. Anauza anthu onse kuti Alekeni yachira, ana awiri, onse amoyo. A Dyson anayang'ana mpeni wawo ngati wina wangowagwiritsa, kenaka anaulowetsa m'thumba. A Melody ndiwo anatula mbale pansi, chidwi chitawagwira, n'kuyamba kudzipanikiza kuti adutse kunsi kwa mkono wa a Monika, ati angosuzumira pang'ono.

Mkonowo sunasunthe.

"Muno muli chikuta, alamu," anatero a Monika. "Zaka zonsezi ine ndinkathera pakhomo panu. Lero imani pomwepo. Ngati mukufuna kuthandiza, ndowa ndi iyo, mukatunge madzi."

Analowa n'kutseka chitseko. Tsiku limenelo othothola mtedza anadyera chigwada.