Dzinja limene ndinkaphunzitsa Agogo kulankhula

Fungo la mkeka wonyowa limandibwezera pakhonde lathu ku Kawale. Linali dzinja, ine ndili sitandade 3, matope ofiira mpaka pakhomo, malata akudontha pakona. Pamkekapo pankakhala anthu awiri osalankhula. Wina anali mlongo wanga Yohane, wa zaka zinayi, amene malungo aakulu anamulanda mawu. Enawo anali Agogo aamuna, atelala, amene anagwa ndi sitiroko ali pa mashini awo, mkono n'kufa, kamwa n'kupotoka.

Abambo anali atanena kale kuti mvula ikatha Agogo asanachire, akawasiya kumudzi ku Ntcheu kwa azakhali. Ine sindinkafuna. Amayi popita kukagulitsa tomato ankati ndiziwalankhulitsa onse awiri. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkanyamula zinthu m'mwamba n'kumazitchula, kapu, sopo, sizasi ya Agogo. Yohane anayamba ndi "kapu". Sabata inayo anati "Amama". Agogo ankangoyang'ana sizasiyo, milomo ikunjenjemera, dovu likutsikira pakolala, chotuluka n'kukhala "aa" basi.

Tsiku lina amake Chisomo, oyandikana nafe, akuyanika zovala, anaseka. "Iwe Yohane, kambava iwe, mawu onse ukungotola wekha, agogo akowa atsala ndi chiyani?"

Iwo ankangocheza, koma ine ndinazitenga zenizeni. Ndinkaona ngati mawu ali ngati shuga wa m'paketi, amatha. Ndinayamba kumayambira kwa Agogo. Sizinathandize. Ndinawasinthanitsa malo pamkeka, chimodzimodzi. Kenako Yohane akati atsegule pakamwa ndinkamutsina, mpaka Amayi anaona timabala pantchafu pake pomusambitsa, n'kundikwapula ndi patapata. Yohane sanasiye, mvula ikutha n'kuti akutukwana nkhuku. Agogo anawakweza basi ya ku Ntcheu atawanyamula anthu awiri. Pawindo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena "aa" yomweyo.

Mwana wanga amene akuphunzira unamwino anandiuza chaka chatha kuti mu ubongo muli timaselo tina tokhala ngati mbewu, timabala tinzake tatsopano. Akuti mwa mwana timakhala tambiri, tochangamuka, koma munthu akamakalamba timachepa, totsalato n'kumangogona. Akuti mwina n'chifukwa chake mwana amachira msanga kuposa nkhalamba, koma si chokhachi ayi, pali zinanso zambiri. Kaya ndinamva bwino kaya, ine sukulu ndinalekezera sitandade 6. Ndinamufunsa ngati pali chodzutsira togonato, anati anthu akufufuzabe.

Ndiye kuti panalibe wakuba pamkeka paja, mwana ndinkangomutsina chabe. Apo ndamva. Koma pano ndili ndi zaka 44, ndikaima pakati pa nyumba nditaiwala chimene ndalowera, ndimadzifunsa kuti mwa ine tagona kale tingati. Yohane ndi woyitanira minibasi za ku Area 25, amakuwa tsiku lonse, ndipo sindinamupepesebe.