Matimati Opanda Banga

Achimwene anga anagwira ntchito yosita zovala pa hotela ina mpaka imvi zinamera. Anzawo ankawatcha a Simbi, ndipo dzinalo linawayenera, chifukwa munthuyo ankasita ngakhale kansalu kopukutira mbale. Akaona kadontho pa kolala ya munthu amene akulankhula naye, nkhani yonse inkawadutsa. Ine mlongo wawo ndinkachita kudziyang'ana kawiri ndisanalowe pakhomo pawo, kuopa kuchapidwa ndi maso.

Mkazi wawo, mlamu wanga, analibe nazo ntchito zimenezo. Iye ankalima matimati kuseri kwa nyumba, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mpanda. Mbewu sankagula. Chaka ndi chaka ankafinya matimati akupsa, n'kuyanika njere pa nyuzipepala, n'kuzisunga m'kabotolo. Dimba lake silinali lokoma m'maso: mitengo ina yaitali, ina yaifupi, masamba ena okhala ndi timadontho takuda ngati tobaya ndi singano. Koma mvula ichuluke bwanji, iye ankathyola ndithu, njere n'kugawirako anansi.

Mlamu atamwalira, achimwene anali atapuma kale ntchito. Zovala za malemu tinagawana, koma kabotolo kaja sanalole munthu kukakhudza.

"Izi ndisunga ine," anandiuza. "Ndipo ndizikonza. Mayi aja anali ndi chisoni chopitirira, ankalera ndi zodwala zomwe."

Kukonzako kunali kotere. Nthawi ya mvula, m'mawa uliwonse ankayenda m'mizere, magalasi ali pamphuno, kutembenuza tsamba lililonse. Mtengo wokhala ndi timadontho ankauzula n'kuutentha. Njere ankasunga za mitengo yosalala yokhayokha. Zaka zikupita, dimba linakongola zedi, mitengo yofanana msinkhu, yobiriwira mochititsa kaso. Odutsa ankasuzumira pampanda, iwo n'kuwaitana kuti awaphunzitse, pakuti a Simbi nzeru sankadziwa kuisunga m'thumba. Sankachita izi mwankhanza ayi. Umu ndi mmene ankadziwira kukonda chinthu.

Kenako kunabwera chaka cha mvumbi. Masamba anakhala obiriwira bwinobwino kwa masiku angapo, achimwene n'kumanyadira kuti palibe chozula. Tsiku lina matenda a chiwawu anangoonekera paliponse nthawi imodzi. Sabata isanathe dimba lonse linali litada ngati lathiridwa madzi otentha, matimati n'kuwolera pamtengo asanapse. Kabotolo anali atakakhuthula konse pofesa, podalira njere zatsopano.

Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito yoyeza matenda a mbewu kutali ndi kuno, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, nthawi zambiri m'chilimwe dimba litatha. Ulendo uno anafika mitengo yowolayo ikadali chiimire.

"Matendawa alowera pati?" achimwene anamufunsa. "Zamadontho zonse ndinazimaliza kalekale."

"Madontho otani, ababa?"

"Ting'onoting'ono, touma. Sitinkakula ayi, koma tinkanyansa."

Mwanayo anakhala pa ndowa yovundikira. Kenako anayang'ana ine, ngati akufuna ndimuthandize kunyamula nkhaniyo.

"Azakhali, mumadziwa mmene amalambulira udzu kuti moto usadutse? Tsamba nalonso limatero. Likamva kuti kachirombo kalowa, limadziphera lokha kamalo kozungulira pamenepo, kachirombo n'kusowa chakudya, n'kufera pompo. Kadontho kouma kaja kamakhala kameneko."

"Nanga zosalalazi?" anatero achimwene, mawu atatsika.

"Chiwawu n'chochenjera, ababa. Chikalowa chimathira tinthu take m'kati mwa tsamba toti tsambalo lisazindikire kuti kwabwera mdani. Limangokhala phee, lobiriwira, icho chikudya. Mukamadzaona kuda, chatha kale ntchito. Sindinganene motsimikiza popanda kuyeza, koma ndikuganiza kuti mwa zimene munkazula zija munali zodziwa kulimbana nacho."

Achimwene anavula magalasi. Ine ndinali ndi mawu anga okonzeka, pakuti pakamwa panga sipachedwa, koma nditaona nkhope yawo, mawuwo ndinawameza. Zinandiwawa kwambiri.

Mwana uja anati mwina si zonse zatayika. Mayi ake ankagawa njere, ndiye kuti penapake mbewu yosakanikirana ija ikadalipo. Mawa lake achimwene anavala jekete, n'kutenga envulopu, ine ndikuwaperekeza. Kwa telala anatiuza kuti anasiya kulima. Kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito anati masiku ano amagula za m'paketi. Tinamalizira kwa mayi wina wamasiye kumapeto kwa msewu, mnzake wa mlamu wa ponda apa nane mpondepo.

"Njere za mnzanga zija? Ndikadali nazo," anatero mayiyo, nkhope ikuwala.

Achimwene anatambasula envulopu ndi manja awiri.

"Ndipo musade nkhawa," anapitiriza, akulowa m'nyumba kukatenga. "N'zoyera zokhazokha. Kuyambira tsiku lija munandiphunzitsa pampanda, chamadontho sindinasiye ngakhale chimodzi."