Chithunzi cha Mayi M'munda wa Manachesi

Ndikukumbukira fungo la manachesi kwathu kwa Kanduku, m'miyezi yozizira ija, pamene ukasenda limodzi manja ankanunkhira mpaka madzulo. Nkhungu inkagona m'zigwa mpaka dzuwa litakwera, ndipo mitengo yathu inkaoneka ngati ikuyandama, nthambi zitawerama ndi zipatso. Ine Esinati ndinali kamtsikana ka sitandade folo, koonda miyendo, kapakamwa kosasunga nkhani.

Bambo anga anali wojambula zithunzi. Ankapalasa njinga mudzi ndi mudzi mpaka ku Thambani, kamera ili m'khosi, ndipo dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Ankangoti a Imanibwino, chifukwa mawu awo anali omwewo tsiku lililonse: "Imani bwino!" Ndipo anthu ankaimadi bwino, abale inu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, manja ali m'mbali gwa, mpweya atagwira, wailesi yobwereka ili pambali pa phazi, nsapato zobwerekanso zikumuluma. Panalibe woseka. Kuseka pachithunzi kunali kuwononga ndalama.

Mudzi wonse bambo anaujambula, ndi mbuzi zina zomwe, kupatula munthu mmodzi, mayi anga. Iwo akangoona kamera, chitenje kumaso, ulendo wa kuseri kwa nyumba. Mayi anabwera ali namwali kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo kumsasa wa othawa kwawo anawaimika pamzere n'kuwajambula atagwira kabolodi ka nambala pachifuwa, kuti azilandira ufa. "Nkhope yanga anaitenga kale anthu a ufa," ankatero. "Yatsalayi ndi yanga." Sankanena mokwiya ayi, ankangonena n'kupitiriza zomwe akuchita. Koma bambo zinkawapweteka mumtima. Tsiku ndi tsiku ankajambula akazi a eni, mkazi wawo alibe ngakhale kachithunzi koika m'Baibulo.

Loweruka lina ndinapita nawo kuboma kukagulitsa manachesi oyamba. Pafupi ndi pomwe pamaima malole a ku Mozambiki panali dalaivala wina wodziwana ndi bambo, amene ankabweretsa tinthu kuchokera ku Joni. Anatiitanira kuseri kwa lole yake, n'kuyala thaulo pansi, n'kutulutsa malenzi awiri, magalasi aja omangirira kutsogolo kwa kamera kuti zakutali zibwere pafupi. Ina inali yatsopano, yaitali ngati mkono wanga, yolemera. Inzake inali yakale, yopepuka, penti itasupuka, ndipo ukaiyang'anitsa padzuwa mkati mwake munali timizere toyera ngati ulusi wa kangaude. Dalaivala analumbira kuti timeneto sitioneka pachithunzi.

Bambo anamangirira yaikuluyo, n'kusuzumira nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kuiika padiso langa. Mayo ine! Phiri lomwe linali kutali, lobiriwira mwa utsi, linanyamuka n'kudzaima pamphuno panga. Ndinaona mayi wina akutsika kanjira, mtolo wa nkhuni pamutu, mwana akugona kumbuyo kukamwa kuli yasa. Milomo ya mayiyo inkayenda, ankaimba yekhayekha, ine osamva kanthu. Ndinatambasula dzanja kuti ndimugwire, dalaivala n'kufa nako kuseka. Bambo anapotoza pang'ono, mayi uja anabwerera kutali n'kusanduka kadontho. Anapotozanso, n'kubweranso ndi nkhuni zake. Ndinkamva ngati ndachoka m'thupi langa, ndikuuluka pamwamba pa minda ya eni osaoneka. Titayesa yakale ija zinthu zinabweranso pafupi ndithu, koma zosayera, ngati pakati wina akuotcha udzu wauwisi.

Yaikulu inkafuna manachesi onse a chaka chimenecho, ndi mbuzi pamwamba. Yakale inkafuna mbuzi imodzi basi. Dalaivala anati tiganize, adzatipeza akamabwerera kuchokera ku Tete.

Pobwerera, tikukankha njinga pachitunda, bambo anandiuza chinsinsi chawo. "Ndi yaikulu ija, amako ndingawajambule ine ndili kuchulu uko iwo ali kumunda, akuseka, osadziwa kanthu. Usakanene, wamva?" Ndinavomera. Koma inu, kusunga nkhani yotere m'kamwa ngati mwanga! Ndinkachita kuthawa m'khitchini kuopa kuti ingataike yokha.

Masiku otsatirawo bambo anali ngati munthu woti mutu sukuyenda. M'mawa ankadzuka atatsimikiza za yaikulu, pofika masana atembenukira ku yakale. Ankayendayenda m'munda kuyang'ana zipatso m'mwamba, milomo ikuyenda. Ankakhala pakhonde n'kupinda dzanja ngati paipi, diso limodzi atatsinzina, kumasuzumira nkhuku, mpaka tambala anayamba kuwakayikira. Pomaliza nkhani anaifikitsa kwa mayi, koma anaiveka jekete la bizinesi: maukwati, mpira, misonkhano, kujambula munthu uli patali osapondana ndi anthu.

Mayi ankaswa mtedza pamphasa. Anamvetsera zonse mpaka bambo anamaliza, kenako anakweza maso kuyang'ana denga. Denga lathu linali la udzu, ndipo dzinja lililonse tinkagona tikusuntha mphasa kuthawa madontho. Manachesi a chaka chimenecho anali atalonjezedwa kale kuti ndi a malata.

"Bambo a Esinati," anatero mayi, "chili kutalicho n'chiyani, chimene miyendo yanu yalephera kukufikitsaniko?"

Bambo anawayang'ana mayi, amene anali pompo, poti akanatambasula dzanja akanawagwira.

"Mitengo ndi yanu," mayi anapitiriza, "koma mvula ikadzabwera mudzafunde lenziyo."

Nkhani inathera pomwepo. Mbuzi yathu ya mawanga inapita ikulira, lenzi yakale inabwera itakulungidwa m'sokosi. Bambo anandisisita mutu n'kunena kuti yaikulu tidzagula chaka chamawa, manachesi samatha.

M'mawa wa tsiku lomwe tinapangana ndi bambo, nkhungu inali isanachoke. Mayi anatuluka ndi dengu atavala chitenje chawo cha maluwa achikasu, chomwe ankasungira kutchalitchi. Ndinawafunsa chifukwa chake, iwo anati zinazo sizinaume, ndisiye mafunso ndinyamule mtanga. Bambo anali atatsanzika kale kuti akupita ku Thambani, chonsecho njinga anaibisa m'tchire iwo n'kukagona chafufumimba kuseri kwa chulu. Ntchito yanga inali yowatulutsa mayi pamthunzi, afike m'mphepete mwa munda pomwe dzuwa limayambira kuomba, ndiyeno ndiwaseketse.

Ndinatenga nachesi n'kuliika padiso ngati kamera, mimba n'kuitulutsa, miyendo tang'a ngati bambo. "Imani bwino, mayi! Chibwano m'mwamba! Musaphethire, filimu ndi yodula!" Mayi anayesa kulimba, kenako anaphulika. Anaseka dengu lili m'chiuno, mutu ataugonekera kumbuyo, kampata ka m'mano kali poyera. Dzuwa linkadutsa m'nkhungu n'kuwagwera paphewa, mame akudontha m'masamba, fungo la makoko lili ponseponse. Sindinamve kulira kwa kamera. Ndinangoima n'kumawayang'ana, ndipo ndinaiwala kuti kuli chulu.

Masiku amenewo chithunzi sichinkaoneka pompo. Filimu inkayenera kutha kaye. Tinadikira chinkhoswe cha kwa aneba, khanda lina lotuluka m'chikuta, ndi mnyamata wina amene ankafuna kutumiza nkhope yake kwa mtsikana wa ku Neno. Ndiye bambo anakwera minibasi kukatsukitsa ku Blantyre. Tsiku lobwera ndinakawachingamira kumsewu, ndipo ndinawapeza atakhala pamwala, envulopu ili pamwendo.

Zithunzi zonse zojambulidwa ndi lenzi ya masiku onse zinali bwinobwino. Cha mayi chinali china. Manachesi anali timadontho tagolide toyandama m'nkhungu. Chitenje chachikasu chinalipo, dengu linalipo, mutu wogonekera kumbuyo unalipo, moti aliyense akanadziwa kuti munthuyu akuseka. Koma pankhope panali kuwala kokhakokha, popanda diso, popanda mphuno. Ulusi wa kangaude uja unamwa dzuwa lonse n'kulithira pomwepo. Ndinalira kwambiri. Bambo sananditonthoze.

Titafika kunyumba anachipereka okha kwa mayi, ngati mwana wopereka mbale yomwe waswa. Mayi anapukuta manja, n'kuchigwira m'mbalimbali, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Uyu ndiye ndikumudziwa," anatero. "Alibe nambala." Analowa m'nyumba n'kukachiika m'Baibulo.

Malata anakhomedwa mvula isanagwe. Tsiku la mvula yoyamba mayi anaima pakati pa nyumba manja ali m'chiuno, kumvetsera phokoso la padenga, tonse tikukuwa kuti timvane, pansi pali gwa pouma. Chimenecho chinali chimwemwe chenicheni. Koma manachesi a chaka chamawa aja mayi sanawaone. Anadwala chakumapeto kwa dzinja, matenda osatenga nthawi, ndipo tinawaika m'manda zipatso zikadali zobiriwira. Dalaivala anabweranso ndi lenzi yaikulu ija, bambo anangomufunsa kuti, "Ndijambule ndani?"

Malata sindiwaimba mlandu. Dzinja lawo lomaliza mayi anagona pouma, ndipo ndimathokoza. Koma zimandipweteka, ndinene zoona. Mawu awo ndimawamva, fungo la m'manja mwawo ndimalidziwa, kampata ka m'mano ndimakaona. Nkhope yonse pamodzi ndiye inandithawa pang'onopang'ono, ndipo ndikatsinzina kuti ndiwaone ndimaona kuwala kuja.

Lero wojambula ndine, maukwati ndi zinkhoswe pabomapa. Zinthu zinasintha. Aliyense ali ndi foni, amajambula, kuyang'ana, kufufuta, kujambulanso, milomo atasongola. Woima bwino kulibenso. Chaka chino ndinafuna lenzi yokokera zakutali, ndipo wamalonda wina wa ku Limbe ananditumizira pafoni ziwiri, yodula ndi yotchipa. Ndinachita kuseka ndekha, nkhani yomwe ija yandipezanso. Amuna anga anati nditenge yotchipa, zotsalazo tigule simenti, ndipo sanalakwe. Ndinakhala masabata ndikutembenuka ngati bambo aja, m'mawa yodula, masana yotchipa.

Ndiye ndinapita kumudzi kukawaona bambo. Ndikusesa m'chipinda mwawo ndinapeza katoni ya zithunzi zomwe eni ake sanabwere kudzatenga. Ndinakhala pansi n'kumaziona chimodzichimodzi, mudzi wonse uli chilili, amoyo ndi omwe anatisiya. Bambo munalibemo. Moyo wawo wonse anali kuseri kwa kamera. Nditatulutsa foni kuti ndiwajambule anatchinga ndi chipewa. "Wojambula sajambulidwa, iwe. Ukufuna uonetse anthu makwinyawa?" Ndinaona momwe anali atakalambira, ndipo mantha anandigwira kuti nawonso nkhope yawo idzandithawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinagula yodulayo, mtima ukuwawa, amuna anga n'kukhala masiku angapo akuyankha ndi mphuno.

Manachesi atapsa ndinabwereranso ndi mwana wanga Tadala, wapakamwa ngati amake. Chulu chija chikadalipo, kaya chinafupika kaya ndine ndinakula. Ndinagona kuseri kwake m'mame, Tadala n'kumutuma kuti akawaseketse agogo ake, amene anali pampando m'mphepete mwa munda akuothera dzuwa. Nditapotoza lenzi, bambo anabwera n'kudzakhala pamphuno panga. Ndinaona khwinya lililonse, imvi za pachibwano, zala zikusenda nachesi pang'onopang'ono. Ndinaonanso kuti avala jekete la kutchalitchi, mabatani onse atamanga, tsiku loti si Lamulungu.

Osatembenuka n'komwe, anakweza mawu. "Esinati, sunthira kumanzere, dzuwa likhale kumbuyo kwako."

Ndinadzuka ndi manyazi, udzu uli m'tsitsi. "Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Chulu chimenecho sichibisa munthu," anatero, akuseka. "Amakonso anandiona tsiku lija. Unamuonapo ndani akuthyola manachesi atavala chitenje cha kutchalitchi?"

Ndinabweza diso pakamera n'kudina. Chithunzicho chinatuluka choyera, tsitsi lililonse likuoneka palokha. Koma ine pojambulapo sindinkaona kanthu, m'maso munali nkhungu yokhayokha.