Nyimbo zopanda mawu za kuseri kwa khoma

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Mzimba, ndinapeza nyumba ya lendi kumtunda kwa msika, ya mdadada, zitseko zingapo denga limodzi. Makoma ake sankafika kumalata, moti mnzako akatsokomola iwe umati pepani. Kukhomo loyandikana ndi langa kunkakhala bambo wina wongobwera kumene kuchokera ku Joni ndi mkazi wake, mtsikana wofatsa wa ku Manyamula, wogulitsa tomato pamsika. Anali ndi kamwana kamodzi koyamwa.

Ku Joniko bamboyo ankasamalira maluwa kwa mzungu wokalamba. Mzunguyo atamwalira, ana ake anamupatsa chiwayilesi cha masipika aakulu ndi katoni ya madisiki. Anzake ankabwerako ndi magalimoto, iye anabwerako ndi nyimbo. Zinali zopanda mawu: azeze achizungu ambirimbiri olira pamodzi, malipenga, piyano, ndi ng'oma zogunda ngati mvula ikubwera. Zina ndinkazizindikira, chifukwa ndi zomwe zimalira m'mafilimu asilikali akamathamangira kukafa.

"Izi ndi nyimbo za anthu ophunzira, Madamu," ankatero akupukuta disiki ndi malaya. "Pano mbwenu inu nokha ndi amene mungazimve."

Ndisaname, ndinazikonda. Inalipo ina ya piyano yokha, yoyenda pang'onopang'ono, yomwe inkandikumbutsa kwathu ku Dedza mpaka misozi kulengeza. Ndinkachonga makope a ana khutu lili kukhoma.

Koma inalipo inanso. Inkayamba chapansipansi, zeze mmodzi yekha, kenako ena n'kulowerera, malipenga n'kudzuka, ng'oma n'kuyamba kuphulika mpaka malata kunjenjemera. Imeneyo ankaiika Lamlungu masana akabwera komwa, ndipo ankaikweza mpaka pomalizira. Ine ndinakulira m'kwaya, ng'oma yophonya ndimaimva msanga. Lamlungu lina ndinamva kugunda kosatsata nyimbo. Kunali kugunda kwa mutu wa munthu pakhoma langa lomwe, mpaka kalendala yanga inagwa. Zeze atapuma pang'ono ndinamva mawu a mtsikana uja: "Ndapota, adada, ndapota!" Malipenga anabweranso n'kumukwirira.

Ndinatuluka wopanda nsapato. Eni nyumba, bambo wachikulire wokhala khomo lakumapeto, anali pampando pansi pa mtengo wa mapeyala akusenda nzimbe. Amayi a makomo enawo ankaanula zovala, nkhope kumbali.

"Adada, simukumva?"

"Tikumva nyimbo, Madamu."

"Akumupha mwana wa eni m'nyumba mwanu!"

"Lekani, Madamu. Za m'banja izo. Ng'ombe zinapita kwawo, munthuyo ndi wake. Inu a ku Chichewa mumafulumira chomene."

Ndinakankha chitseko ndi phewa, chinatseguka. Mtsikanayo anali pansi atadzipinda, magazi akutuluka m'khutu, mwana akulira pamphasa koma osamveka. Ndinagwira mwamuna wake dzanja. Anandiponya chigongono pakamwa, ndinakagwera pandowa, dzino lakutsogolo linathyoka pakati. Anandikokera panja ngati thumba la makala n'kutseka chitseko. Nyimbo sinaime.

Amene anaimbidwa mlandu tsiku limenelo ndi ine. Eni nyumba anati ndikadzabwerezanso ndidzasamuke. Amayi aja anati mphunzitsi wosakwatiwa angadziwe chiyani za banja. Ndinafuna kupita kupolisi, koma mtsikanayo anabwera m'mawa mwake, nsalu atakulunga kumutu, n'kugwada pakhomo panga. Anati akamangidwa mwamunayo, achibale a mwamunayo adzamulanda mwana, poti mwana ndi wa kuchimuna, ndipo kwawo sangamulandire chifukwa ng'ombe zija anakwatirira kale mlongo wake. "Yewo, Madamu, koma lekani," anatero, akunditchera khutu lamanzere, chifukwa lamanja linali litasiya kumva.

Miyezi inapita choncho. Mdadada wonse unaidziwa nyimbo ija. Zeze woyamba akangolira, amayi ankaitana ana awo kulowa m'nyumba, eni nyumba ankatembenuza mpando. Ine ndinkamenya khoma ndi chigubu, ndikutukwana mpaka mawu kusasa, koma ndani angapikisane ndi malipenga? Mtsikanayo ankaonda ndikuona. Lolemba lina anapita kumsika akukoka mwendo, lina diso litatsekeka. Ndinkadziwa kuti tsiku lina nyimbo idzatha iye osadzuka. Ndinayamba kudana ndi ya piyano ija yomwe.

Lamlungu lina la mwezi wozizira, bamboyo anabwera ataledzera kuposa masiku onse, akudzandira, n'kulowa. Padapita kanthawi kuli zii. Kenako zeze uja anayamba. Amayi anaitana ana. Mpando unatembenuka. Ine ndinati lero ndiye lero, andithamangitse ngati akufuna. Ndinatola mpini wa khasu n'kupita.

Chitseko sichinali chokhoma. Ndinachikankha pang'ono, n'kuima.

Amene anali pansi ndi mwamunayo. Mtsikanayo anaimirira pamwamba pake, mwana ali kumbuyo, m'manja muli thabwa la paini lomwe ankayalapo tomato. Wayilesi anali ataitsegula yekha, n'kuikweza yekha mpaka pomalizira. Thabwa linatsikira padzanja lamanja lija, dzanja lomwe linandithyola dzino. Linatsikanso pamalo omwewo. Kenako pabondo. Bamboyo anatsegula kukamwa, mitsempha ya m'khosi itaima, koma chomwe ndinamva ndi malipenga okhaokha.

Mtsikanayo anandiona. Ndinabweza chitseko, n'kukhala pakhonde lawo mpini uli pamiyendo, kuti wina asayerekeze. Nyimbo imeneyo ndinaimvera yonse mpaka pomwe ng'oma zimagunda komaliza, ndipo ndinena poyera kuti mtima wanga unali mbee.

Itatha, mtsikanayo anatuluka ndi kachikwama, mwana kumbuyo. Ndinamupatsa juzi yanga chifukwa kunkazizira. Anatsetsereka kulowera kudepoti osacheuka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anatsikira pa Jenda n'kukwera basi ina, ndipo komwe anapita sindinafunse, kuti wina akandifunsa ndisadziwe.

Bamboyo anatuluka chokwawa, dzanja likulendewera, mphuno ili magazi okhaokha. Anafika pakati pabwalo n'kuyamba kulira ngati mwana. Amayi aja anasuzumira m'makomo. Bamboyo anayang'ana eni nyumba, omwe anali atangotembenuzanso mpando wawo.

"Adada! Ndakuwa chomene, ndaitana nonse! Bwanji simunabwere?"

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, nzimbe ili m'manja. Sankamuseka ayi, anadabwa zenizeni.

"Tinamva nyimbo, mwana wanga," anatero. "Tinati za m'banja."