Tsiku Limene Madamu Msana Anatembenuka

Kuseri kwa ofesi ya ahedi kunali kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, mapu akale ndi mipira. M'menemo ndi momwe mphunzitsi wina wa masamu anadzitsekera Lachitatu lina masana. Anakhala pa desiki ya miyendo itatu n'kuyamba kulira ngati mwana amene wangoyamba kumene sukulu.

Ana asukulu ankawatcha Madamu Msana. Inu amene munapitako kusukulu mukudziwa kuti ana sapereka dzina pachabe. Mayiwa akalowa m'kalasi ankapereka moni, n'kutembenukira ku bolodi, basi. Mphindi makumi anayi zonse choko chili kwee kwee, ana ali kalikiliki kukopera, belu likalira iwo ulendo. Ana ambiri ankaidziwa bwino zipi ya diresi yawo kuposa nkhope yawo.

Lachitatu limenelo ahedi anali atawawerengera lipoti la woyendera masukulu, bambo amene anakhala kumbuyo kwa kalasi yawo sabata yapitayo. Mawu ena onse anawadutsa, koma mzere umodzi unawabaya pamtima: "Mphunzitsiyu amaphunzitsa bolodi, osati ana."

"Madamu, ine sindikufuna kukutayani," anatero ahedi. "Koma bambo aja abweranso pakatha milungu isanu ndi umodzi. Akadzapeza zomwezi, kalasi tidzakulandani, muzikagawa mabuku kulaibulale."

M'kachipinda muja, misozi itaphwa, anang'amba pepala m'kope n'kulemba kalata yosiya ntchito. Anaipinda bwinobwino, naiika m'chikwama. Ankati bola achoke okha kusiyana n'kuchotsedwa ana akuona.

Musawaweruze msanga. Mayiwa sanali aulesi, ndipo masamu ankawatha. Vuto linayamba chaka chawo choyamba pantchito. Ankaphunzitsa kugawa mafulakishoni, ndipo ananena lamulo limene tonse tinaloweza: tembenuzani nambala yachiwiri, kenako chulukitsani. Mwana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, timatembenuza chifukwa chiyani?" Iwo kukamwa yasa. Sankadziwa. Nawonso anangouzidwa choncho ali mwana. Anachita chibwibwi, kalasi yonse n'kufa nazo kuseka, ndipo kuti abise manyazi anatembenukira ku bolodi. Anapeza kuti kumeneko kuli mtendere, chifukwa munthu amene wakufulatira sungamufunse funso. Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha ali chitembenukire.

Ntchito imene ankaikonda inasanduka mtolo. Lamlungu madzulo mutu unkayamba kuwawa wokha. Ana nawonso ankakhoza pang'ono, ndipo mayiwo akaona zotsatirazo ankadziuza kuti, "Ndinanena ine, uphunzitsi si mbali yanga."

Chitseko cha kachipinda kaja chinatseguka mwamphamvu. Anali mphunzitsi wa zamasewera, bambo wamfupi wa mawu ngati bingu amene aliyense ankamutcha a Wezulo. Anabwera kudzatenga mipira. Anawayang'ana mayiwo, nayang'ana desiki ija.

"Madamu, desiki imeneyo inagwetsa kale anthu awiri. Ngati mukufuna kulira, khalani pa iyi."

Mayiwo anaseka osafuna, kenako anawafotokozera zonse. A Wezulo anamvetsera akufinya mpira wophwa.

"Ine ndaphunzitsa zaka makumi awiri ndilibe bolodi," anatero. "Kubwalo ukafulatira ana, mpira umakupeza m'mutu. Choko chanu chili kuti?"

Mayiwo anatulutsa kabokosi ka choko. A Wezulo anakalandira, nakaponya m'thumba la kabudula.

"Mawa mulowe chimanjamanja. Ndidzakubwezerani mukadzandiuza ana atatu a mipata m'mano m'kalasi mwanumo."

"Nanga akandifunsa chimene sindidziwa?"

"Muwauze kuti simukudziwa. Alipo mphunzitsi anafapo nazo?"

M'mawa mwake Madamu Msana analowa m'kalasi manja ali lende. Sankadziwa kowaika. Anaima kutsogolo, maso a ana onse ali pa iwo. Phunziro limenelo linali loipa, ndisakunamizeni. Analankhula mothamanga, anasokoneza chitsanzo, ndipo katatu konse thupi linatembenukira lokha ku bolodi, koma m'manja munalibe cholembera. Anatuluka thukuta lili kamukamu, nagwira chikwama kuti akapereke kalata ija. Mwamwayi ahedi anali kumsonkhano.

Loweruka m'mawa anakhala patebulo kunyumba ndi mulu wa mapepala akale ndi sizasi. Anatsimikiza kuti funso lija la zaka zisanu ndi ziwiri alipezera yankho. Amuna awo, amene anali makaniko, anawasandutsa mwana wasukulu.

"Ili ndi theka la pepala," anatero mayiwo. "Aka ndi kota. Makota angati angalowe m'thekamu?"

Bamboyo anasanja timapepala ndi zala zakuda ndi oilo. "Awiri. Zimenezi ndiye mwakhala mukuonda nazo, mayi? Mukanandifunsa kalekale."

"Inu khalani chete, munathawa masamu."

Anaseka onse, koma mayiwo maso anali pa timapepala tija. Theka kugawa ndi kota, yankho ndi ziwiri. Lamulo lotembenuza lija linali kungofunsa kuti tating'ono tingati tikulowa mu chachikulu. Kwa nthawi yoyamba anaona ndi maso chinthu chimene ankangochiloweza.

Lolemba analowa m'kalasi ndi mapepala. Ana anapinda, anang'amba, anakangana, phokoso mpaka ahedi anasuzumira pawindo kuti aone ngati kwabuka ndewu. Sizinasinthe tsiku limodzi ayi. Masiku ena ana ankangoponyerana mapepalawo, iwo n'kubwerera kunyumba mawu atasasa. Koma anayamba kuona zinthu zimene msana sungaone: uyu akasokonezeka amaluma pensulo, uyo amadziwa yankho koma amaopa kukweza dzanja. Sabata yachitatu anakapeza a Wezulo kubwalo n'kuwatchulira ana a mipata m'mano, osati atatu koma asanu. A Wezulo anabweza choko chija, theka lake litaphwanyikira m'thumba.

Kalata ija inali m'chikwamabe. Sanaipereke, komanso sanaitaye, poti mantha anali asanatheretu.

Tsiku linafika. Woyendera masukulu uja anakhala kumbuyo ndi fayilo yake, nkhope ili gwa. Phunziro linayenda bwino mpaka chakumapeto, pamene mtsikana wina wa pakona, amene chaka chonse anali asanalankhulepo, anakweza dzanja.

"Madamu, makota awiri amalowa m'theka, ndamva. Nanga tikati kota kugawa ndi theka? Theka ndi lalikulu, lilowa bwanji mu kota?"

Funso limeneli mayiwo sanalikonzekere. Anamva phazi lawo likuyamba kuzungulira, bolodi likuwaitana ngati mnzawo wakale. Bambo uja anasiya kulemba.

Mayiwo anaponda pansi mwamphamvu. "Mwana wanga, lamulo likuti yankho ndi theka. Koma kukuonetsa ndi pepala, sindikudziwa. Sindinaliganizepo. Tiyeni tiyese limodzi."

Palibe anaseka. Koma mapepala onse anali atang'ambidwa kale tizidutswatizidutswa. Mayiwo anapisa m'chikwama, ndipo pepala lathunthu limene dzanja linakhudza linali limodzi lokha, kalata ija. Anaiyang'ana kamphindi. Kenako anaing'amba pakati, mbali imodzi naing'ambanso pakati, n'kupereka theka ndi kota kwa mtsikanayo.

Mtsikanayo anasanjika kota pamwamba pa theka, anzake atamuunjirira. Anayang'ana, anayang'ananso.

"Theka lonse silikulowa mu kota, Madamu. Pakulowa pakati ndi pakati basi."

"Ndiye lalowa lochuluka bwanji?"

"Theka lake!" kalasi yonse inakuwa.

Belu litalira, mayiwo anakhala pampando n'kupuma mpweya umene ndikhulupirira anausunga zaka zisanu ndi ziwiri. Mapewa anagwa, mutu unapepuka. Woyendera masukulu uja anaima pakhomo.

"Madamu, ndinu omwe aja ndinawaona ulendo watha?"

"Ndine ndemwe, bambo. Kungoti ulendo uja munandionera kumbuyo."

Bamboyo anaseka mpaka fayilo inagwa. Kalasi sanalandidwe. Dzina lija silinachoke, ana sabweza dzina, koma masiku ano obwera kumene amafunsa kuti linachokera pati, chifukwa saona chimene likutanthauza. Mutu wa Lamlungu uja unasiya, ndipo amuna awo akudandaula kuti m'nyumba simukhalanso nyuzipepala yathunthu.

Tsono inu aphunzitsi amene mukuwerenga, ndi ena nonse amene ntchito yanu yasanduka mtolo, mwina nanunso muli ndi bolodi lanu lobisalako, ndipo mwina kalata ili kale m'chikwama. Mayiwa sanayambe apeza kulimba mtima kenako n'kutembenuka. Anatembenuka mantha ali nawobe, kulimba mtima kunawapeza m'njira, ndipo kukonda ntchito kunabwera pambuyo pake. Kunena kuti "sindikudziwa" sikunawachotsere ulemu pamaso pa ana aja.

Kalatayo isungeni kaye. Mawa mukalowe, muwayang'ane kumaso anthu amene mumawatumikira, ngakhale mawu atuluke monjenjemera. Musafooke, tembenukani.