Nyumba ya Mkamwini Siyenda

Minibasi imeneyo anandisiyira achimwene anga popita ku Joni. Inali yotheratu, yosayeneranso kunyamula anthu, koma injini inkalira bwino. Ine ntchito yanga inali yokonza mafoni m'misika, ndipo ndinali nditatopa ndi kugona m'makhonde mwa masitolo a eni ake msika ukatha. Choncho ndinazula mipando, ndinakhoma bedi la matabwa kumbuyo, padenga n'kumangirira sola. Mbaula, chigubu cha madzi ndi bokosi la zipangizo zinkakhala kuseri kwa mpando wa dalaivala.

Poyamba ndinavutika. Ukaimika potsetsereka, umadzuka mutu ukuwawa. Makala ukapanda kuzimitsa bwino, utsi umadzaza m'katimo. Pa Nathenje anthu ankangotsegula chitseko n'kukhala pabedi panga, amvekere, "Ya m'tauni iyi?" Ine ndi manyazi angawa ndinkayamba ndawapatsa moni, kenako n'kupepesa ngati wolakwa ndine. Komabe ndinkasangalala. Msika wa Mitundu ukatha ndinkangoliza injini, nyumba yonse n'kunyamuka.

Mkazi amene ndinakwatira ndinamupeza pa Nathenje pomwepo, akugulitsa tomato. Iyeyo anaikonda minibasiyo kuposa ine mwini wake. Ankati tizidzafika nayo ku Dedza, iye akupikula kachewere, ine ndikukonza mafoni. Anasokeratu ndi makatani omwe.

Koma kwathu kuno mwamuna ndiye amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo mkamwini amayenera kumanga nyumba pamudzipo. Tsiku lokambirana za ukwati, amalume a mkaziyo, amene analinso ankhoswe ake, anaizungulira minibasiyo akugogoda matayala ndi ndodo.

"Akamwini, nyumba munkanena ija ndi iyi?"

"Ndi yomweyi, bambo."

"Nanga maziko ake ali pati?"

Anthu anaseka. Ine ndinayang'ana pansi.

"Tamverani," anapitiriza. "Mwana wathuyu sakupita kuchitengwa ayi. Mukayambana m'mawa, masana muli naye ku Mchinji, ife tikamva kwa yani? Nanga munda wa apongozi anu alima ndani? Injiniyi?"

Mayankho ndinali nawo, ndinawakonza njira yonse kuchokera ku Mitundu. Ndinkafuna kunena kuti dzinja lonse tizidzakhala pamudzi, ndizidzalima mpaka kukolola, ulendo n'kumayamba m'chilimwe. Koma pakamwa panga panangotuluka mawu akuti, "Zamveka, bambo." Ankhoswe anga ankangovomera ndi mutu. Iwonso minibasiyo sanaikonde chiyambire.

Anagamula kuti tikhoza kugona m'menemo mpaka nditamanga, koma matayala achoke. Nyumba ikadzafoleredwa adzandibwezera. Ndinawamasula ndekha ndi jeke ya achimwene, n'kukhazika minibasiyo pa zidutswa za njerwa. Mkazi wanga anaima chapatali atapinda manja.

"Inu, simukanatha kunenako kanthu?" anandifunsa titatsala awiri.

"Pajatu ndi akuluakulu."

"Akuluakulu! Mawa akati muvule nsapato muziyenda chapansi, muvulanso?"

Matayala anakawasunga kwa amalumewo, ine n'kuyamba kuumba njerwa. Mvula inabwera msanga chaka chimenecho, inasungunula zambiri ndisanaotche. Kumsika ndinkapita pa kabaza, bokosi lili pamiyendo, n'kumafika dzuwa litakwera. Makasitomala ena a ku Mitundu anapeza wokonza wina. Injini ndinkailizabe nthawi ndi nthawi kuti batire isafe, apongozi anga aakazi n'kumadandaula kuti ndikuthamangitsa nkhuku zawo, poti zinali zitayamba kuikira kunsi kwake.

Nyumba ndinaimaliza chaka chotsatira. Nditangofolera, ndinavala malaya abwino n'kupita kukapempha matayala anga. Amalume aja anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anayamikira kuti khoma ndinaliwongola.

"Awiri alipo, mutenge," anatero. "Awiri enawo ndinangobwerekako pang'ono. A pangolo yanga anaphulika potuta chimanga. Si zapachibale izi, akamwini? Tikatha kututa fodya tidzaona."

Ndinathokoza. Ndithu ndinathokoza, mpaka kuwomba m'manja. Awiriwo ndinawagubuduza mpaka kunyumba, mkazi wanga atawaona anangolowa m'nyumba. Ndinawamanga kutsogolo, kumbuyo kudakali pa njerwa.

Fodya anatuta. Kenako panabwera mchenga womangira tchalitchi, kenako manyowa. Sabata yatha ndinakumana nayo ngoloyo pamsewu wopita ku Nathenje, itadzaza nkhuni, ng'ombe zikukoka movutikira. Tayala lakumanzere linali litaperepeseka mpaka mawaya kuonekera. Ndinamuuza wa kabaza kuti aime, ndinatsika, mawu onse ndawakonza. Amalume aja anaimitsa ng'ombe n'kundiyang'ana akumwetulira. Ndinavula chipewa, n'kuwafunsa kuti adzuka bwanji.